Savepoint ikusowa mkati mwa transaction: psycopg2 ndi PostgreSQL

kachere_dev
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni, nzeru zandithera. Ndili ndi script ya Python 3.11 yomwe ikuwerenga fayilo ya CSV ya malipiro, mizere pafupifupi 18,000, n'kuilowetsa mu PostgreSQL 14 kudzera mu psycopg2, library yolumikiza Python ndi PostgreSQL. Ndikufuna kuti mzere woipa uzidumphidwa, ina yonse ilowe, ndipo zonse zikhale mu transaction imodzi (gulu la ntchito lomwe limasungidwa lonse kapena kutayidwa lonse), commit yoisunga ichitike kamodzi kokha kumapeto. Poyamba ndinalibe savepoint (chizindikiro cha mkati mwa transaction chomwe ungabwerereko osataya ntchito yonse), ndiye mzere umodzi ukangolephera, yotsatira yonse imakanidwa ndi uthenga woti `current transaction is aborted, commands ignored until end of transaction block`. Ndiye ndalemba chonchi:

```
for mzere in mizere:
    cur.execute("SAVEPOINT sp")
    try:
        lowetsa(conn, mzere)
    except psycopg2.Error:
        cur.execute("ROLLBACK TO SAVEPOINT sp")
conn.commit()
```

Mizere yoyambirira ikulowa bwinobwino, koma ikangofika pa mzere wobwereza nambala ya risiti, script ikufa ndi `savepoint "sp" does not exist`. Chonsecho savepoint ndaiika pamwamba pomwepo. Ikupita kuti?

tsabola99
Onani ngati simunayatse autocommit.

mlonda_wa_seva
Ayi a tsabola, si autocommit. Ikanakhala imeneyo script ikanafera pa mzere woyamba weniweni, ndipo uthenga wake ndi wina: `SAVEPOINT can only be used in transaction blocks`, khodi 25P01. Umene aupeza a kachere ndi 3B001. Tanthauzo lake n'loti pa nthawi imene ROLLBACK TO ikufika pa seva, transaction ilipo ndithu, koma si ija munaikidwa savepoint. Yoyambayo inatha kale, iyi ndi ina yatsopano.

Savepoint simakhala payokha. Imakhala mkati mwa transaction, ndipo COMMIT kapena ROLLBACK yathunthu ikachitika, ma savepoint onse amapita nayo limodzi. Choncho funso si loti savepoint yapita kuti, koma ndani watseka transaction. A kachere, tionetseni zomwe zili mu `lowetsa()`.

kachere_dev
Ndi izi basi:

```
def lowetsa(conn, m):
    with conn:
        with conn.cursor() as c:
            c.execute(SQL, m)
```

nachisale_sql
Apo ndiye pagona nkhani, achimwene. `with conn:` mu psycopg2 sitseka connection monga ambiri amaganizira. Ntchito yake ndi iyi: zonse zikayenda bwino imachita commit, pakabuka exception imachita rollback ya transaction yonse, kenako exception ija imapitirira kutuluka.

Tsatirani zomwe seva ikulandira. Pa mzere wabwino: psycopg2 ikutumiza BEGIN yokha, kenako SAVEPOINT sp, INSERT, ndipo potuluka mu `with` ikutumiza COMMIT. Pa mzere woipa: BEGIN, SAVEPOINT sp, INSERT ikulephera, `with` ikutumiza ROLLBACK. Apa savepoint yafa. Kenako `except` yanu ikuyitana execute, psycopg2 ikuona kuti palibe transaction, ikutumiza BEGIN yatsopano, kenako ROLLBACK TO SAVEPOINT sp. Mu transaction yatsopanoyo mulibe sp.

Chotsani `with conn:` mu function imeneyo, muipatse cursor yokha. Amene watsegula transaction ndi yekhayo woyenera kuitseka.

Koma musanayendetsenso script, pali china chofunika kwambiri. Mzere uliwonse umene unalowa script isanafe unachitidwa commit paokha. Ili mu tebulo panopa. `conn.commit()` yakumapeto ija sinafikidwe n'komwe, koma sinkafunikanso. Werengani mizere mu tebulo kaye.

kachere_dev
Eeh, zoona achemwali. Muli mizere 2,314 yomwe ndimayesa kuti sinalowe. Mwandipulumutsa, chifukwa awa ndi malipiro a anthu.

gogo_unix
Kwa ena amene adzakumane ndi zangati izi, njira yachidule yopezera wotseka transaction ndi kuyang'ana log ya seva, osati kungoyang'anitsitsa khodi. Pa makina oyesera ikani `log_statement = 'all'`, ndipo mu `log_line_prefix` muonjezere `%p` ndi `%v`. Yoyamba ndi nambala ya process, yachiwiri ndi nambala ya transaction yomwe imasintha transaction ikasintha. Mukaona `%v` ya pa SAVEPOINT ikusiyana ndi ya pa ROLLBACK TO, ndiye kuti pakati pake pali COMMIT kapena ROLLBACK, ndipo muiona yalembedwa pomwepo. Musaisiye yoyaka pa seva ya ntchito: log imakula msanga ndipo imalemba ndi manambala a anthu omwe.

Ngati log simuipeza, `conn.info.transaction_status` imathandiza: 0 palibe transaction, 2 muli mkati ndipo zili bwino, 3 muli mkati koma yalephera. Sindikizani nambala imeneyo pa mzere woyamba wa `except`. Mukapeza 0, wina watseka kale.

kachere_dev
Ndachotsa `with conn:` ndipo error ija yatha. Koma ndaona kuti ikamapita kumapeto kwa fayilo memory ya process ya pa seva ikungokwera. Ndi mmene zimakhalira?

mlonda_wa_seva
Simukuchita RELEASE, lamulo lochotsa savepoint mukathana nayo. Mu PostgreSQL mukaika savepoint ya dzina lomwe lilipo kale, yakaleyo sifafanizidwa, imangobisika pansi pa yatsopanoyo. Ndiye pofika kumapeto muli ndi ma savepoint 18,000 osanjikizana, onse dzina lake sp. Dziwaninso kuti ROLLBACK TO sichotsa savepoint imene mwabwererako, imangofafaniza zomwe zinachitika pambuyo pake. Choncho RELEASE ikufunika mbali zonse ziwiri:

```
cur.execute("SAVEPOINT sp")
try:
    cur.execute(SQL, mzere)
except (psycopg2.IntegrityError, psycopg2.DataError) as e:
    cur.execute("ROLLBACK TO SAVEPOINT sp")
    okanidwa.append((mzere, e.pgcode, e.diag.constraint_name))
cur.execute("RELEASE SAVEPOINT sp")
```

Taonani kuti ndasinthanso `except`. `psycopg2.Error` imagwira chilichonse, ngakhale kuduka kwa netiweki. Connection ikaduka, ROLLBACK TO yanu idzalepheranso ndi `cursor already closed`, ndipo mudzayamba kusaka vuto lachiwirilo m'malo mwa loyamba. IntegrityError ndi ya makhodi oyamba ndi 23: 23505 kubwereza, 23503 foreign key, 23502 kolamu yosiyidwa yopanda kanthu, 23514 check. DataError ndi ya oyamba ndi 22, monga 22P02 pamene mu kolamu ya manambala mwalowa mawu. Amenewa ndiwo mavuto a mzere umodzi. Ena onse asiyeni aimitse script.

tsabola99
Bwanji osangopatsa savepoint iliyonse dzina lakelake? `cur.execute("SAVEPOINT %s", (dzina,))`

nachisale_sql
Zimenezo zilephera. `%s` imaika dzinalo m'ma quote amodzi ngati mawu wamba, seva n'kuona `SAVEPOINT 'sp_1'` n'kukana ndi syntax error. Dzina la savepoint ndi identifier ngati dzina la tebulo, ndiye limafuna `psycopg2.sql.Identifier`. Komanso silithetsa vuto: maina 18,000 osiyana osachita RELEASE ndi mulu womwewo.

zomba_php
Pepani ndilowererepo ndi MySQL, chifukwa uthenga wofanana ndi umenewu umavutitsa anthu a PHP koma gwero lake ndi lina. Kumeneko ndi error 1305, `SAVEPOINT trans2 does not exist` kwa amene ali pa Laravel, framework ya PHP. PDO, njira ya PHP yolumikizira database, payokha sidziwa za transaction ya mkati mwa inzake: mukaitana `beginTransaction()` kawiri imakana kuti `There is already an active transaction`. Laravel imazemba zimenezi poika savepoint, trans2, trans3 ndi kupitirira apo.

Zomwe zimapha savepoint mu MySQL ndi ziwiri kawirikawiri. Choyamba, CREATE TABLE, ALTER TABLE, DROP TABLE ndi TRUNCATE TABLE zimachita commit mwakachetechete zisanayambe ntchito. TRUNCATE ndi imene imakola ambiri chifukwa amaitenga ngati DELETE yachangu. CREATE TEMPORARY TABLE yokha sichita commit. Kuyambira PHP 8.0, PDO imazindikira zimenezi ndipo `commit()` yanu imaponya `There is no active transaction`, n'chifukwa chake khodi yomwe inkayenda pa 7.4 imayamba kulira mukakweza.

Chachiwiri ndi deadlock, pamene ma transaction awiri akudikirana kuti mnzake amasule loko, error 1213. InnoDB, injini yosungira matebulo mu MySQL, imabweza transaction yonse, osati statement yokha. Mukaigwira n'kuyesa ROLLBACK TO, mupeza 1305. Lock wait timeout, 1205, ndi yosiyana: imabweza statement yokhayo, pokhapokha mutayatsa `innodb_rollback_on_timeout`.

Ndipo ngati tebulo lili pa injini ina ija ya MyISAM, iwalani zonsezi, mulibe transaction.

mlonda_wa_seva
A zomba, onjezanipo kuti mu MySQL kubwereza dzina kumachotsa savepoint yakale, mosiyana ndi zomwe ndanena za PostgreSQL. Ndiye khodi ya a kachere yopanda RELEASE sikanaunjika chilichonse pa MySQL. Ndipo MySQL siipitsa transaction yonse chifukwa cha INSERT imodzi yobwereza, imangokana statement imeneyo. Anthu ochokera ku MySQL ndi amene 25P02, uthenga uja wa `current transaction is aborted`, imawadabwitsa kwambiri.

zomba_php
Ndi choncho kumene. Kusiyana kwina: mu InnoDB maloko a mizere amene munagwira pambuyo pa savepoint satayidwa mukachita ROLLBACK TO, amadikira transaction ithe. Musadalire savepoint kuti imasule anzanu amene akudikira.

mphenzi404
Ine ndikutsutsa njira yonseyi. Savepoint pa mzere uliwonse ndi maulendo atatu opita ku seva m'malo mwa umodzi. Mizere 18,000 ndi maulendo 54,000. Seva ikakhala kutali ndipo ulendo umodzi ukutenga 100 ms, imeneyo ndi ola ndi theka mukungodikira netiweki. Lembani `INSERT ... ON CONFLICT (risiti) DO NOTHING`, yomwe ilipo kuyambira PostgreSQL 9.5, muitumize ndi `execute_values` ya mu `psycopg2.extras`. Imeneyo imatumiza mizere 100 pa ulendo umodzi ngati simunasinthe `page_size`. Savepoint ya chiyaninso?

nachisale_sql
A mphenzi, pa liwiro mukunena zoona, koma awa ndi malipiro. Risiti imodzi ikabwera kawiri ndi ndalama zosiyana, DO NOTHING isunga yoyamba n'kutaya yachiwiri osanena kanthu. Ndani wanena kuti yoyambayo ndiyo yolondola? Komanso ON CONFLICT imagwira kubwereza kokha. Deti lolembedwa molakwika kapena foreign key yosowa ziphabe gulu lonse la mizere 100.

mphenzi404
Onjezani RETURNING ndi `fetch=True`, muyerekeze zomwe zabwerera ndi zomwe munatumiza. Zosowazo ndi zokanidwa.

nachisale_sql
Ngati risiti yabwerezedwa mkati mwa fayilo momwemo, nambala yake ibwerera kamodzi ndipo muyesa kuti zonse zalowa. Muyenera kuwerenga kuchuluka kwake, osangoona ngati ilipo.

gogo_unix
Nonse awiri mukuyandikira njira imodzi. Pangani tebulo losakhalitsa, `CREATE TEMP TABLE ... ON COMMIT DROP`, makolamu onse akhale text, lopanda constraint iliyonse. Thirani fayilo yonse ndi COPY kudzera mu `cur.copy_expert`. Malinga fayiloyo ndi CSV yoongoka, palibe mzere ungakanidwe pamenepo. Kenako funsani ndi SQL: `GROUP BY risiti HAVING count(*) > 1` ikupatsani obwereza a mu fayilo, JOIN ndi tebulo lenileni ikupatsani amene analowa kale, LEFT JOIN ndi tebulo la mamembala ikupatsani opanda mwini. Oyerawo alowe ndi INSERT ... SELECT imodzi. Pa PostgreSQL 16 pali `pg_input_is_valid` yoyezera ngati mawu angasanduke deti kapena nambala. Pa 14 muyenera kugwiritsa regex.

Chifukwa china chimene ndimakondera njira imeneyi ndi cha mkati mwa PostgreSQL. Savepoint iliyonse imayambitsa subtransaction, ndipo ikalemba kanthu imatenga XID (nambala ya transaction) yakeyake. Seva imasunga ma XID 64 okha otere pa connection iliyonse m'memory yogawana. Mukapitirira 64, ma session ena akamafuna kudziwa ngati mzere uyenera kuoneka kwa iwo, amakafufuza mu `pg_subtrans`, zomwe zimachedwa. RELEASE sichepetsa chiwerengero chimenechi: XID ya subtransaction yomwe yapambana imakhalabe pa mndandanda mpaka commit yaikulu. A GitLab analemba mu 2021 mmene zimenezi zinkaimitsira ma replica awo (ma seva osunga kope la database), mpaka anachotsa ma subtransaction mu khodi yawo.

kachere_dev
Ndiye kuti RELEASE ija sinathandize, akulu?

gogo_unix
Yathandiza pa kusanjikizana kuja. Za 64 ndi nkhani ina. Ngati script yanu imayenda usiku pa database yopanda anthu ambiri ndiponso yopanda replica, mwina simudzaona vuto. Ngati ndi masana anthu ali pa ntchito, ganizirani kawiri.

mlonda_wa_seva
Pali njira yapakati. Ikani savepoint imodzi pa mizere 500 iliyonse. Pa fayilo yanu amenewo ndi ma savepoint 36. Gulu likalephera, bwererani, muligawe pakati, muyese theka lililonse palokha, n'kumagawabe lomwe lalephera. Mzere woipa umodzi mwa 500 muupeza mutagawa pafupifupi kasanu ndi kanayi. Zimayenda bwino mizere yoipa ikakhala yochepa. Ikachuluka, njira ya agogo ndiyo yabwino.

tsabola99
Tikadali pa CSV, kodi nambala za foni mukuzisunga bwanji? Fayilo ikangotsegulidwa mu Excel n'kusungidwanso, ziro woyamba uja wa 099 kapena 088 amachoka chifukwa Excel imaiona ngati nambala wamba.

nachisale_sql
Limenelo ndi vuto lenileni. Munthu mmodzi amakhala ndi maonekedwe atatu: wina ndi ziro, wina wopanda ziro, wina woyamba ndi +265. UNIQUE siwaona ngati amodzi. Ikonzeni mu Python isanafike ku database: chotsani mipata ndi zizindikiro, tengani manambala 9 akumapeto, ikani 265 patsogolo. Kolamu ikhale text, osati integer.

zomba_php
Ndipo nambala yaitali ya risiti Excel imaisandutsa ngati 2.3E+15, n'kuika maziro pa manambala opitirira 15. Ikasungidwa choncho, marisiti osiyana amafanana ndipo 23505 imabwera popanda munthu kulipira kawiri. A kachere, funsani fayilo yosakhudzidwa ndi Excel musanaweruze obwerezawo.

kachere_dev
Zikomo, ndifunsa. Koma tibwerere kaye, kwabuka china. Loop yonse yatha bwino, okanidwa alembedwa, koma `conn.commit()` yakumapeto yaponya ForeignKeyViolation, 23503, ndipo zonse zabwezedwa. Ngati mzere uli ndi membala wosadziwika, bwanji sunagwidwe mkati mwa savepoint?

mlonda_wa_seva
Tebulo limenelo linapangidwa ndi chiyani? Lembani `\d malipiro` mu psql, muone kumapeto kwa mzere wa foreign key.

kachere_dev
Linapangidwa ndi Django, framework ya Python. Palembedwa DEFERRABLE INITIALLY DEFERRED.

mlonda_wa_seva
Ndi chimenecho. Django imapanga ma foreign key ake choncho pa PostgreSQL. Constraint yotere siyesedwa pa INSERT, imadikira COMMIT. INSERT ikupambana, RELEASE ikupambana, vuto likuonekera kumapeto pamene kulibenso savepoint yobwererako. Musanalowe mu loop tumizani `SET CONSTRAINTS ALL IMMEDIATE`, kunja kwa savepoint yoyamba. Kuyambira pamenepo mzere uliwonse uyesedwa nthawi yomweyo ndipo IntegrityError igwidwa pamalo pake. Lamuloli limagwira pa transaction imeneyo yokha, ndiye mukadzasintha n'kumachita commit kangapo, muzilitumizanso pambuyo pa commit iliyonse.

nkhwazi_dj
Poti mwatchula Django: `transaction.atomic()` ya mkati mwa inzake ndi savepoint yomweyi. Cholakwika chofala ndi kuika `try` mkati mwa `atomic` m'malo moika `atomic` mkati mwa `try`. Exception ikagwidwa mkati, siidutsa pakhomo pa `atomic`, ndiye kubwerera ku savepoint sikuchitika, ndipo query yotsatira imakanidwa. Mu SQLAlchemy ndi `session.begin_nested()`, yomwe imachita flush kaye isanaike savepoint, choncho error ya zinthu zomwe zinali kudikira ikhoza kubukira pa mzere umenewo.

mphenzi404
Kapena samukirani ku psycopg 3. `with conn.transaction():` yakunja imatsegula transaction, yamkati imaika savepoint, maina ndi RELEASE imasamala yokha.

nachisale_sql
Ndi yabwino, koma ili ndi msampha wake. Ngati connection sili pa autocommit ndipo munatumiza SELECT imodzi yokha musanalowe mu `transaction()` yakunja, transaction yatseguka kale. Block ija ingoika savepoint, ndipo potuluka siichita commit. Mukatseka connection osachita commit, ntchito yonse imatayika popanda error. Tsegulani ndi `autocommit=True`, zolemba zonse muzizikulunga mu `transaction()`.

bwalo_lite
Amene akuyesera pa SQLite samalani, zotsatira zake zikhoza kukunamizani. Module ya `sqlite3`, m'kachitidwe kake kakale, imatumiza BEGIN pokhapokha patsogolo pa INSERT, UPDATE, DELETE ndi REPLACE. Mukayamba ndi SAVEPOINT, iyo ndi imene imatsegula transaction, ndipo RELEASE ya savepoint yakunja kwambiri imagwira ntchito ngati COMMIT. Loop ya a mlonda ija pa SQLite ingachite commit mzere uliwonse. Ikani `isolation_level=None` muzitumiza BEGIN nokha, kapena pa Python 3.12 gwiritsani `autocommit=False`.

tsabola99
Nanga magetsi akathima script ili pakati, zomwe zinachitidwa RELEASE zimatsala?

gogo_unix
Pa PostgreSQL ayi. RELEASE si commit. Imangophatikiza ntchitoyo ku transaction yaikulu, ndipo yaikuluyo ikafa, zonse zimapita. Ngati wathima ndi kompyuta yanu koma seva ikuyakabe, seva ikhoza kutenga nthawi isanadziwe kuti mwachoka. Mu `pg_stat_activity` muona `idle in transaction`, maloko akadali ogwidwa. `idle_in_transaction_session_timeout` ndi imene imadula ma session otere.

kachere_dev
SET CONSTRAINTS yagwira ntchito. Ndinayamba ndachotsa mizere 2,314 ija, ndipo tsopano commit yadutsa, okanidwa onse ali mu fayilo yawo ndi makhodi awo. Zatsala ziwiri zondidabwitsa. Ma id mu tebulo akudumphadumpha, ndipo ndalama zonse zomwe script yasindikiza zikuposa zomwe `sum()` ikundipatsa mu database.

mlonda_wa_seva
Za id si vuto. Sequence sibwerera mmbuyo: `nextval` ikapereka nambala, yapita, kaya INSERT yalephera kaya transaction yonse yabwezedwa. ON CONFLICT DO NOTHING nayonso imadya manambala chimodzimodzi. Ngati owerengera ndalama akufuna manambala otsatana opanda mipata, musagwiritse id. Pangani tebulo la mzere umodzi losunga nambala yomaliza, muziikweza ndi UPDATE ... RETURNING mkati mwa savepoint yomweyo, kuti mzere ukakanidwa nambala ibwerere nawo. Dziwani kuti UPDATE imeneyo imagwira loko mpaka commit, ndiye wina aliyense wofuna nambala adikira script yanu ithe.

nachisale_sql
Za ndalamazo, yang'anani pamene mukuonkhetsa. ROLLBACK TO imabweza zomwe zili mu database zokha, sidziwa za variable ya Python. Ngati `zonse += ndalama` ili pamwamba pa execute, mizere yokanidwa ikuwerengedwa nawo. Ikhale pansi pa execute mkati mwa `try`, kapena mu `else`. Poyesa, onkhetsani ndalama za mu fayilo ya okanidwa: ziyenera kufanana ndendende ndi kusiyana komwe mukukuona. Ndipo gwiritsani `Decimal`, osati float, apo ayi matambala asiyanabe.

kachere_dev
Inali pamwamba pa execute. Ndaisunthira mu `else`, ndasintha kukhala `Decimal`, ndipo ziwerengero ziwirizi zafanana mpaka tambala. Fayilo ya mwezi wamawa ndiyesa njira ya tebulo losakhalitsa ya agogo, popeza imeneyo iyenera kulowa masana.

gogo_unix
Mukadzatero, `copy_expert` muipatse `WITH (FORMAT csv, HEADER true)`, ndipo fayilo muitsegule ndi `encoding="utf-8-sig"` ngati yachokera pa Windows. Onjezaninso kolamu ya `bigserial` mu tebulo losakhalitsalo, ndipo mu COPY mutchule makolamu a mu fayilo okha, kuti wokanidwa aliyense adzadziwike kuti anali pa mzere wachingati.